Kope la Matchona la a Sakala

A Sakala tinawaika m'manda mwezi watha ku Shimabala, ndipo kuyambira tsiku lomwelo ndakhala ndikuzengereza kulemba za iwo. Si ulesi ayi. Ndi iwo amene anandiphunzitsa, mosafuna, kuopa pepala. Mpaka lero, nkhalamba ine ya imvi mbuu, munthu wachilendo akatsegula kope n'kundifunsa dzina la amalume anga, ndimayamba ndamufunsa kuti akulifuniranji. Ndiye mundikhululukire ngati mayina ena m'nkhani ino ndawasintha. Amene akudziwa adziwa.

Ndinaphunzitsa nawo pa sukulu ina ya pulayimale kuno ku Kafue. Ine ndinafika ndili mtsikana wongotuluka kumene ku koleji, dziko litangodzilamulira zaka zochepa. Tawuni inkakula uku tikuiona. Fakitale ya feteleza inali itayamba kufuka utsi, ya nsalu inkalemba anthu ntchito mlungu ndi mlungu, ndipo mabanja ochokera kum'mawa ankatsika pa siteshoni ndi mitolo pamutu, akufunsa njira ya ku komboni ya Nangongwe. A Sakala ndinawapeza ali kale bambo wa imvi za m'mbali, wamtali, wowonda, wa malaya oyera amene kolala yake inali itatembenuzidwa kale kwa telala. Anali ndi njinga, koma popita kusukulu sankaikwera. Ankaikankha, ati kupalasa kumakwinya thalauzi. Ankaikwera pobwerera, thalauzi itagwira kale ntchito yake.

M'khwapa mwawo simunkasowa mapu a dziko lonse lapansi okulungidwa ngati mphasa, ndipo ana anawapatsa dzina loti Ba Mapu. Dzinalo ankalidziwa, koma ankanamizira kusalimva. Mwana sankamumenya. Akalakwa ankangomuyang'ana, kwinaku akutafuna nshawa imodzi imodzi kuchokera m'thumba la malaya, mpaka mwanayo ataulula ndi zimene sanafunsidwe. Chinyanja cha m'tawuni ankachinyoza, ati ndi chitenje cha zigamba. Koma tsiku lina ndinawapeza pamsika akunenerera kapenta m'chinyanja chomwecho, "manje" ndi "maningi" zonse zili m'malo mwake. Nditawaseka anandinyanyalira masiku atatu.

Phunziro limene linadzawapweteka linali la theka la tsamba m'buku la giredi seveni. Panali chithunzi cha chombo ndi mizere ingapo yonena kuti kalekale anthu akuda anatengedwa ukapolo kupita kutsidya la nyanja yaikulu, ndipo zidzukulu zawo zili komweko. Ife aphunzitsi ena tinkaliwerenga Lolemba, Lachiwiri tili pa ulimi wa chimanga. A Sakala nawonso ankatero, mpaka chaka chimene kufakitale kunabwera injiniya wina wakuda wochokera ku zilumba za kutsidya komweko. A Sakala anavala jekete, anapita kukamudikira pageti, namupempha kuti adzaonekere kwa ana.

Munthuyo anabwera. Anali wakuda kuposa ine, wa mpata pamano ngati anthu akwathu. Ana anaimirira n'kumupatsa moni m'chinyanja, iye anangomwetulira, osamva kanthu. Kalasi yonse inafa ndi phwete. Wina kumbuyo anakuwa, "Ni muzungu wakuda!" A Sakala, pofuna kukonza zinthu, anamufunsa mlendoyo m'Chingerezi chiwongo chake, dzina la mtundu wa makolo ake, kuti mwina pakati pa ana papezeke wachibale. Mlendo anayankha mwaulemu kuti dzina limene ali nalo ndi la mzungu amene anagula agogo a agogo ake, ndipo la kwawo palibe amene analisunga. Ana anasekanso, poganiza kuti ndi nthabwala, chifukwa munthu wamkulu wa ndevu zake angasowe bwanji chiwongo?

Ana ataweruka ndinawapeza a Sakala ali okha m'kalasi, nshawa zili m'manja osadya. Anandiuza kuti ana sanalakwe, lolakwa ndi buku. Ati bukulo likunena za anthu ngati matumba a chimanga amene anakwezedwa m'chombo, osati za munthu amene anatuluka m'mawa kupita kumunda, mkazi wake n'kumudikira mpaka kukalamba. Ati mwana sangalire maliro a mtundu wonse, amalira a munthu mmodzi amene akumudziwa dzina. Ndipo ati nkhaniyi ana athu ali nayo kale m'nyumba zawo, kungoti kumeneko siitchedwa mbiri yakale, imatchedwa matchona: amalume amene anapita ku migodi ya ku Joni, agogo amene anatsalira ku Halale akuphikira azungu, achimwene a ku Wanki amene kalata yawo yomaliza inabwera mwanayo asanabadwe. Mwana akamva kuwawa kwa mmodzi wa amenewa, ati sadzamusekanso munthu wa kutsidya la nyanja.

Ndiye anagula kope lalikulu la chikuto cholimba. Tsamba lililonse analigawa pawiri ndi rula, kuseri kwake osalembako. Kumanzere ankalemba dzina la munthu wopitayo, mudzi umene anachokera, ndi kumene anamveka komaliza. Kumanja ankalemba dzina la mwana amene wabweretsa dzinalo, ndi la bambo ake. Lachisanu lililonse, akatha kuitana mayina a ana m'kaundula, ankatsegula kopelo n'kuitana opitawo. Akatchula dzina, mwana mwini wake ankaimirira n'kuyankha kuti, "Ni wathu!" Pomalizira ankaitana a kutsidya la nyanja amene mayina awo anatayika, ndipo apo kalasi yonse inkayankha pamodzi mpaka malata kunjenjemera. Pa mapu paja anasokapo ulusi wofiira kuchokera pa Kafue kupita ku Bulawayo, ku Halale, ku Joni, ndi wina wautali wowoloka nyanja. Dzina loyamba m'kopemo linali la amalume anga. Ndinalipereka ndekha, monyadira, kuti ana aonerepo.

Anakangana ndi aliyense pa nkhani imeneyi. Ahedi ankati pa mayeso a boma funso la akapolo likabwera ndi limodzi, ndipo a Sakala akuwadyera ana nthawi ya masamu. Iwo ankayankha kuti tinamenyera ufulu pachabe ngati sukulu yathu ikutulutsabe makalaliki odziwa mayina a mafumu a ku Ulaya koma osadziwa kumene abale awo anamwazikira. Tsiku lina kunabwera bambo wina wa ovolosi ya kufakitale, mafuta ali m'manja.

"Ba Ticha, ine nifuna mwana apase, akangene nchito. Manje ivi va banthu bakufa vizamuthandiza chani pa geti?"

"Ndani anakuuzani kuti anafa, bambo? Manda munawaona?"

"Nanga bali kuti?"

"Funso lomwelo ndi limene ndikufuna mwana wanu azifunsa."

Bamboyo anachoka akupukusa mutu, koma Lachisanu lotsatira mwana wake wamkazi, Esinati, anabwera ndi dzina la agogo ake. Nanenso ndinakangana nawo. Ndinkati zimenezi zikufanana ndi kuitana mizimu. Anandiyankha ndi mwambi wawo wa masiku onse, wakuti chibale ndi fupa sichiola, n'kuwonjezera kuti ine chimene ndikuopa ndi abusa, osati mizimu. Sananame.

Koma tonse okanganafe tinkaloza pamalo polakwika. Choopsa chinali chakuti mwana sadziwa malire a dziko. Ukamufunsa mudzi wa agogo ake amanena zoona. Makolo ambiri ku Nangongwe anali ndi chitupa chonena kuti anabadwira ku Chadiza kapena ku Katete, pamene mudzi weniweni unali kuseri kwa malire, ku Malawi kapena ku Mozambiki. Nthawi ya azungu zinalibe kanthu, anthu ankangodutsa kufuna ntchito. Koma tsopano ntchito za m'mafakitale zinali za nzika, ndi nyumba za kampani zomwe, ndipo wopezeka ndi chitupa chabodza ankataya zonse n'kukwezedwa lole. Agogo a Esinati m'kopemo analembedwa kuti ndi a ku Dowa. Amalume anga, a ku Tete. Kope linkakula chaka ndi chaka, lili pa tebulo poyera, ife tikukangana za masamu ndi mizimu.

Anthu amene anawadziwa a Sakala m'zaka zawo zomalizira zokha sangakhulupirire kuti munthuyu anakanganapo ndi wina. Ku Shimabala ankakhala m'kanyumba ka chipinda chimodzi, pa malo amene anawabwereka mlimi wina wa komweko, Ba Mweemba. Ankalima repu ndi matimati n'kumagulitsa m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka. Malonda a pamsewu amadalira galimoto kuima, koma galimoto ikayamba kuchepetsa liwiro, anzawo akuthamangira ndi mabeseni, iwo ankabwerera m'mbuyo, maso ali pa zitseko. Khutu lamanzere silinkamva. M'nyumba mwawo munalibe pensulo ngakhale imodzi. Owerenga anthu atafika m'deralo ndi makope awo, a Sakala anakaswera m'munda wa chimanga mpaka dzuwa kupendeka. Ana a kumeneko ankangowadziwa ngati agogo a matimati amene sakonda kufunsidwa mafunso.

Zimene zinawafikitsa kumeneko zinachitika m'zaka za ndeke. Nkhondo ya kumwera, ku dziko la Bulawayo ndi Halale, inali itatentha, ndeke za adani zinkadutsa malire kudzaponya mabomba m'dziko lino, ndipo pa mlatho wa Kafue panali masoja nthawi zonse. Tinkauzidwa kuti akazitape ali pakati pathu. Mlendo wofunsa njira kawiri ankatha kumenyedwa pamsika. Kusukulu tinakumba ngalande zobisalamo, ndipo belu likalira nthawi yolakwika ana aang'ono ankayamba kulira okha asanauzidwe kanthu. Ine ndinkagona ndi chitupa changa pansi pa pilo, ngati kuti chikamva kufunda kwa thupi langa chisanduka choona.

Kope silinaululidwe ndi mdani. Linaululidwa ndi masewera. Ana a m'komboni ankasewera sukulu pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika, wina atakulunga katoni m'khwapa kukhala Ba Mapu, akuitana, "Wa ku Bulawayo! Wa ku Halale!" anzake n'kumakuwa, "Ni wathu!" Wapampando wa chipani wa chigawo chathu ankadutsa pomwepo. Anaima, anamvetsera, kenako anawafunsa anawo kumene anaphunzira masewerawo.

Linali Lachisanu. Belu la kupuma litangolira, ahedi anatiitana awirife mu ofesi, thukuta lili kamukamu ngakhale kunali kozizira.

"Ba Sakala, ba boma babwela manje manje, belu ikalila. Bafuna buku na mapu. Napapata, osaocha. Mukaocha bazakamba ati tabisa vinthu, tizayenda tonse."

A Sakala anatuluka mu ofesimo. Anandikodola, tinalowa m'kalasi mwawo, anatseka chitseko. Kulitentha kope sikukanatheka, kulipereka momwe linalili kunali kupereka mabanja a theka la Nangongwe. Anatulutsa lumo limene ankasongolera mapensulo, anandipatsa rula, natsegula tsamba loyamba.

"Gwirani pamzere, Ba Madamu. Mukanjenjemera tidula munthu."

Tinadula mbali ya kumanja ya tsamba lililonse, ija ya mayina a ana ndi abambo awo. Mayina a kumanzere paokha sakanaloza nyumba ya wina aliyense, pajatu a Phiri ndi a Banda ndi odzaza dziko. Lumo linkalira pa pepala, kunja ana akusewera mpira wa nsanza, ine makutu ali kumsewu. Rula inkanditerereka, moti a Sakala anachita kundipanikiza dzanja pa rula ndi lawo. Tili pakati pa kope anayankhula osadzutsa mutu.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikutukwana amene anadula anthu ku mayina a kwawo. Lero taonani amene wagwira lumo."

Timapepala todulato ndinatikulunga m'chitenje, ndinadutsa pabwalo ndikuyenda ngati munthu wotsekula m'mimba, ndipo ndinakatiponya m'dzenje la chimbudzi cha atsikana. Pobwerera belu linalira. Apa m'pamene ndinakumbukira chimene lumo silikanadula. Ana aja anali atazolowera kuyankha. Lachisanu lililonse, chaka chonse, miyendo yawo inkadziimirira yokha ikamva dzina. A Sakala anali ndi mphindi zosakwana zisanu kuti afafanize zimene anaphunzitsa. Anaima patsogolo, ine ndili kumbuyo pakhoma.

"Lero kubwera alendo. Akatchula dzina lililonse la m'kope ili, simulidziwa. Ngakhale la agogo ako enieni, sulidziwa. Osaimirira, osayankha, osayang'ana mnzako. Mwamva?"

Esinati anakweza dzanja. Anali kamtsikana kochenjera, kosalola chinthu kudutsa.

"Ba Ticha, si munakamba ati kukana wako ni chimo?"

"Ndinatero. Tchimo la lero ndi langa, mwanawe. Iwe ungokhala chete."

Anafika atatu: wapampando uja, msilikali amene anaima pakhomo ndi mfuti, ndi bambo wina wovala wamba, wonenepa pang'ono, woyankhula motsitsa ndi momwetulira. Akanakhala wokalipa bwenzi zili bwino. Anayala mapu pa tebulo, natsatira ulusi wofiira ndi chala kuchokera ku Halale mpaka pamene maulusi onse anakumana, pa Kafue penipeni, pamene pali mlatho. Anatsegula kope, napapasa m'mbali modulidwamo, nafunsa chifukwa chake masamba ndi opapatiza chotero. A Sakala anati mapepala akusowa, m'mbalimo anadulamo timapepala ta mayeso a masipelo. Bamboyo anagwedeza mutu ngati wakhutira. Kenako anatembenukira kwa ana.

"Bana banga, namvela muli na gemu yabwino pa Chisanu. Nifuna tisobele pamozi. Nikaitana zina, mwine wake aimilile, ai?"

Anawerenga dzina loyamba. Linali la amalume anga, mlongo wa amayi, amene anandinyamulapo pamapewa ndili mwana. Ndinayang'ana bolodi. Ndinawakana amalume anga osatsegula pakamwa. M'kalasi munali zii. Kenako anamveka mawu a a Sakala.

"Ndi wanga."

"Ni ndani wanu?"

"Mlamu wanga."

Dzina lachiwiri. "Ndi wanga. Msuweni." Lachitatu. "Ndi wanga. Mwana wa azakhali." Bamboyo sankayang'ana a Sakala konse. Akatchula dzina, maso ake ankayenda pa mizere ya ana pang'onopang'ono. Ine kumbuyo ndinkaona zimene iye ankafunafuna: phewa likudzuka n'kubwerera, zala zikukanda desiki, mwana akuluma kolala ya yunifomu. Dzina lililonse ndinkadziwa mwini wake, ndipo ndinkapemphera kuti maso anga asapite kumeneko. Sindinaopepo chotero chibadwire, ndipo sindinaopenso chotero kuyambira pamenepo.

"Zakeyo Banda, wa ku Dowa, ali ku Halale."

Desiki inagunda. Esinati anali ataimirira theka, maondo atamenya thabwa, pakamwa pali yasa. Sanachite kufuna, thupi linangomutsogolera. Mutu wa bambo uja unatembenuka. Ndipo a Sakala, amene sindinawamvepo akukweza mawu kwa mwana, anakuwa mpaka msilikali pakhomo anadzidzimuka.

"Ndi wanga! Bambo anga aang'ono amenewo! Iwe Esinati, ndakuuza kangati kuti ukafuna kuchimbudzi uzikweza dzanja? Tuluka!"

Mwanayo anatuluka, mkodzo ukutsika m'miyendo mpaka m'nsapato, n'kusiya mapazi onyowa pa simenti. Bambo uja anamutsatira ndi maso mpaka pakhomo, nayang'ana mapazi aja nthawi yaitali. Palibe mwana amene anaseka. Kenako ananyowetsa chala ndi malovu, natembenuza tsamba. Anawerenga mpaka dzina lomaliza, ndipo a Sakala anawalandira onse, amalume, azilamu, adzukulu, mpaka mawu awo anasasa. Atatseka kope, bamboyo anamwetuliranso.

"Ba Ticha, muli na babululu bambili maningi ku dziko ya adani."

"Ndine wa banja lalikulu, bwana."

"Tiyeni mukatiuze bwino za beve."

Anawatenga, kope ndi mapu omwe. Njinga yawo inatsala itatsamira khoma la kalasi, ndipo inakhala pomwepo masiku ambiri, dzuwa ndi fumbi, chifukwa palibe amene ankafuna kuoneka akuigwira. Milungu imeneyo Nangongwe sinapume. Galimoto yachilendo ikalowa m'komboni, amayi ankaitana ana kulowa m'nyumba. Tonse tinkadziwa kuti mayina a kumanja aja, ngakhale anali m'dzenje, analinso m'mutu mwa munthu mmodzi, ndipo munthuyo anali m'manja mwa anthu odziwa kufunsa. Ndinena zoona: sindinkapempherera moyo wawo wokha. Ndinkapempherera pakamwa pawo.

Anabwerera mvula itayamba, ataonda ngati bango, akupendeketsa mutu kuti amve ndi khutu limodzi. Kalata yowachotsa ntchito inali itawatsogolera kale. Palibe khomo limene linagogodedwa ku Nangongwe. Bambo a Esinati anagwira ntchito kufakitale mpaka kupuma ndi ukalamba, ine ndinaphunzitsa mpaka kukhala hedi. Mwina mukuganiza kuti tinawalandira ndi nthungululu. Anthu akawaona akubwera ankakhota njira. Amene anapulumuka chifukwa cha iwo ndi amene ankawathawa kwambiri, chifukwa kuwapatsa moni kunali ngati kuvomera kuti dzina lako linali m'kopemo. Inenso panapita miyezi ndisanapite kukawaona, ndipo manyazi ake ndidzapita nawo kumanda. Phunziro lija linabwerera pa theka la tsamba, ndipo ine ndemwe ndinaliphunzitsa choncho zaka zonse zotsatira, Lolemba lokha.

Za milungu ija sananenepo kanthu, kupatula kamodzi. Patapita zaka zambiri Esinati anandipeza, ali mayi wa ana atatu, namwino ku Lusaka. Bambo ake anali atamwalira osamuuza chilichonse cha kwawo, chifukwa kuchokera tsiku la mfuti lija mawu oti Dowa sanatchulidwenso m'nyumba mwawo. Tsopano mwana wake woyamba ankamufunsa kuti iwo kwawo ndi kuti. Dzina la agogo ankalikumbukira, boma la Dowa ankalikumbukira, koma mudzi unamuthawa. Tinakwera minibasi kupita ku Shimabala. A Sakala anamuzindikira, anamupatsa mpando, iwo n'kukhala pa chidebe.

"Ba Ticha, munalemba na manja yanu. Muyeseko chabe kukumbuka. Munzi wa ba Zakeyo Banda."

Milomo yawo inkagwedera ngati akuwerenga. Ine ndinkadikira, chifukwa munthu uyu kale ankatchula mitsinje ya dziko lonse osayang'ana mapu.

"Mwanawe, kumene kuja ndinkadzikakamiza kuiwala. Tsiku lililonse ndinkachotsa dzina limodzi, kuti angandimenye chotani ndisakhale ndi chotulutsa. Ndinkaganiza kuti ndikatuluka adzabwerera." Anayang'ana m'manja mwawo. "Sanabwerere."

Esinati analira, iwo ayi. Potsanzikana anamudzazira matimati m'pepala, nakana kulandira kanthu.

Anamwalira m'tulo, Ba Mweemba ndi amene anawapeza m'mawa. Mwambo wathu umati munthu asanaikidwe uthenga upite kwawo, ndipo abale akhale pa mphasa pafupi ndi mutu wa maliro. Tinafufuza m'sutikesi mwawo kufuna kalata, adiresi, chithunzi, chilichonse. Munali zovala zokha. Tinafunsana, ife amene tinaphunzitsa nawo ndi amene anaphunzira kwa iwo, ndipo aliyense ankadziwa kuti anali a kum'mawa, basi. Apa m'pamene ndinazindikira kuti m'kope lonse lija, mwa mayina onse amene anati ndi awo, munalibe ngakhale limodzi lawo lenileni, ndipo palibe wa ife amene anawafunsapo. Mphasa tinaiyala ndithu, koma palibe anakhalapo. Kwinakwake kum'mawa kuli mudzi umene sunamve za maliro awa, ndipo mwina kuli nkhalamba imene ikumuwerengerabe mlongo wake pa matchona amene tsiku lina adzatulukira.

Mlungu watha ndinapitanso ku Shimabala. Pamsewu, mitengo inayi ya kathandala kawo ka matimati idakali chiimire, koma magalimoto akungodutsa. Repu m'dimba wachita maluwa achikasu posowa womuthyola, ndipo mbuzi zatsegula kale mpanda mbali imodzi. Chitseko ndi chomangidwa ndi waya. Ba Mweemba anandimasulira. M'kati ndi mosesedwa bwino, bedi lopanda mphasa, msomali wopanda kanthu pakhoma, zenera lotsekedwa ndi thumba la feteleza. Zovala za malemu amagawa ndi abale, ndiye Ba Mweemba anazipinda zonse n'kuzibwezera m'sutikesi, naimanga ndi chingwe, naikweza pa mpando kuopa chiswe.

"Ba Madamu, manje iyi nipeleke kuti?"

 Kenako Ba Mweemba anaukankhira mpandowo pakona pamene denga silidontha, ndipo tinatuluka n'kumanganso waya pachitseko.